Akuti ndizolowera imfa za odwala. Kodi ndisiye udokotala?

Funso lachokera kwa mtsikana wa zaka 21 amene akuphunzira udokotala ndipo wangoyamba kumene kulowa m'mawodi. Walemba kuti: "Sabata yatha ndinali pa naiti ku wodi ya ana. Mwana wa zaka zitatu wodwala malungo anamwalira ndili chimugwirire dzanja. Dokotala amene ndinali naye anangoyang'ana wotchi, n'kulemba nthawi mu fayilo, n'kupita pa bedi lotsatira ngati palibe chachitika. Ine ndinakalirira kubafa. M'mawa mwake mnzanga wa chaka chomaliza anandiuza kuti, 'Usadandaule, uzolowera.' Mawu amenewa akundisowetsa tulo kuposa imfa ija. Ngati udokotala ndi kuuma mtima chonchi, kodi si bwino ndisiye kudakali m'mawa?"

Mwana wanga, ndikuyankha ngati mayi ako pa ntchitoyi, poti zaka zimene ndayenda m'mawodi zikuposa zako zakubadwa. Ndiyambe ndi dokotala uja, chifukwa ndikuona kuti mlandu wake waugamula kale mwini wake asanayankhepo.

Unawerenga kuti mu wodi munali ana angati usiku umenewo? M'miyezi ya mvula wodi ya ana imadzaza mpaka bedi limodzi kugonapo ana awiri kapena atatu, amayi awo atakhala pansi m'mbali. Ndipo malungo aakulu sadikira munthu. Mwana amene shuga wamutsikira m'magazi angathe kutsirizika pa mphindi zochepa, chonsecho jakisoni mmodzi wa shuga akhoza kumudzutsa iwe ukuona. Wina magazi amuthera, zikhatho zangoti mbuu, akupuma mwabefu, ndipo pakufunika wina athamangire ku labu. Wina linjirinjiri silikumusiya. Mwana amene unamugwira dzanja uja anali atapita kale, wa pa bedi lotsatira anali asanapite. Dokotalayo akanaima pomwepo mphindi khumi kulira nawe, maliro akanatha kukhala awiri. Nthawi imene analemba mu fayilo nayo si mwano. Dokotala akapanda kutsimikiza imfa ndi kulemba, mtembo suchoka mu wodi, ndipo abale sangayambe zokonzekera ulendo wa kumudzi.

Sindikunena kuti munthuyo ndi wabwino, sindikumudziwa. Ndikungoti zimene unaonazo sizikukwana kuti umudziwe. Ndagwirapo ntchito ndi madokotala a mitundu iwiri amene pa imfa amachita chimodzimodzi: kuyang'ana wotchi, kulemba, kusuntha. Wina, wodi ikakhala bata cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, amabwerera kukafuna mayi uja pakhonde n'kukhala naye pansi. Winayo amapita kukagona, ndipo pofika m'mawa sakumbukanso ngati womwalirayo anali mnyamata kapena mtsikana. Iwe unali kubafa, ndiye sukudziwa kuti wako uja ali m'gulu liti. Sindikukudzudzula. Nanenso imfa yanga yoyamba ndinaimalizira kubafa.

Mnzako wa chaka chomaliza ananena zoona, koma sanamalize. Zilipo zimene uzolowere ndithu: fungo, magazi, mfuu wa amayi akuperekeza thirole ku mochale akuimba nyimbo za maliro m'khonde, tonse titapatukira kukhoma kuti adutse. Manja ako asiya kunjenjemera pofuna mtsempha wa khanda. Kuzolowera kumeneko ukufune ndi mtima wonse, chifukwa mayi sanyamula mwana usiku kubwera naye kuchipatala kuti adzapeze womuthandiza kulira. Olira ali nawo ambiri kumudzi. Kwa iwe akufuna manja osanjenjemera.

Koma kulipo kuzolowera kwina kumene ndikufuna uzikuopa, ndipo sikuoneka ndi kuuma kwa misozi. Ndikuuza mmene kunandipezera ine.

Ndinaphunzira ku College of Medicine sukuluyo idakali yaing'ono. Inatsegulidwa mu 1991, ndipo isanatsegulidwe aliyense wofuna udokotala ankayenera kupita kunja. Inu a lero mukuidziwa ngati mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, kuyambira 2021. M'nthawi yathu ma ARV aulere kunalibe, anadzayamba mu 2004. Mawodi a akuluakulu ankadzaza ndi anthu a misinkhu yathu yomweyi, aphunzitsi, apolisi, madalaivala, amayi oyamwitsa, owonda mpaka nthiti kuwerengeka, ena atagona pansi pakati pa mabedi. TB, kutsegula m'mimba kosatha, matenda oumitsa khosi, zotupa zakuda za Kaposi m'miyendo ndi m'kamwa. Dzina la matendawo, Edzi, silinkatchulidwa. Kunja ankati "matenda a boma" kapena "kaliwondewonde," ife mu fayilo tinkalemba zilembo zoti abale asamve. Raundi ya m'mawa inkayamba ndi kuona mabedi amene asintha eni ake usiku. Munthu ukamaona zimenezi tsiku ndi tsiku, mutu umapeza wokha njira yodzitchinjirizira. Umasiya kuona anthu, umayamba kuona manambala. "Bedi 14 wapita." Ndinamaliza sukulu ndikudziyesa wolimba, ndipo ndinkanyadira.

Nditamaliza miyezi 18 ya internship, yogwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, ndinatumizidwa ku chipatala china cha boma kutali ndi tauni. Usiku wina mu Febuluwale tinagoneka kamnyamata ka zaka zinayi, malungo aakulu. Masiku amenewo tinkapereka kwinini wa m'diripi. Ndinamuona 8 koloko, ndinalemba zonse mwadongosolo, ndikamutsina ankalira n'kukankha dzanja langa, ndinati ameneyu achira. Cha m'ma 11 agogo ake anandipeza ndikusoka bambo wina amene anagwa pa njinga. Anagwada pakhomo n'kunena motsitsa mawu: "Adokotala, pepani, mwana uja wasintha." Ndinafunsa osacheuka n'komwe. Akukomoka? Ayi. Wasanza? Ayi. Thupi latentha? "Iyayi, lazizira ndithu, koma akutuluka thukuta." Ndinati, "Ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, agogo. Pitani, ndikubwera." Anati zikomo, n'kubwerera.

Iwe wophunzira waona kale chimene ine sindinachione. Thukuta, thupi kuzizira, mwana kungoti zii, ali pa kwinini, sanadye masiku awiri: shuga watsika. Kwinini amachititsa thupi kutulutsa insulin wambiri, amene amatsitsa shuga m'magazi, malungo nawo amadya shuga, ndipo mwana wosadya alibe pobwezera. Ndinkazidziwa zonsezi, funso lake ndinalikhoza pa mayeso. Ndinafika mu wodi 1 koloko. Tinamubaya shuga, tinayesa zonse zimene tinali nazo, sanadzuke. Anamwalira kusanache.

Sindingalumbire kuti akanachira ndikanapita 11 koloko, poti malungo a mu ubongo amapha ngakhale zonse zitachitidwa bwino. Koma ndikudziwa chimene chinandiletsa kupita, ndipo silinali bala la wa njinga uja, limene likanatha kudikira mphindi zisanu. Ndinali nditasiya kumva. Mawu akuti "wasintha" sanali m'buku lililonse limene ndinawerenga, ndiye m'makutu mwanga anangomveka ngati phokoso la gadiyani wovutitsa. Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti m'mawa mwake agogo aja anandifunafuna kudzandithokoza. "Mwayesetsa, adokotala, ndi Mulungu wafuna." Mpaka lero ndimalakalaka akananditukwana. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anga anagonera pa mtembo wa mwana.

Ndiye ukafuna kudziwa ngati mtima wako wayamba kuuma, usayang'ane m'maso mwako, yang'ana m'makutu. Ndikudziwa madokotala amene sindinawaonepo akugwetsa msozi, koma gadiyani akangoti "wasintha" amasiya tiyi pa tebulo n'kunyamuka. Ndikudziwanso ena amene amalira msanga, okoma m'kamwa, koma mayi akamafotokoza amamudula mawu asanamalize chiganizo choyamba.

Za magadiyani ndikhalepo pang'ono, chifukwa sukulu siwatchula kawirikawiri chonsecho zipatala zathu zaima pa iwo. Ndi amene amasambitsa wodwala, kumudyetsa, kumutembenuza, kutaya mkodzo, kuphika phala kuseri ku khitchini yawo, usiku n'kuyala chitenje pa simenti. Iwe umamuona wodwala mphindi zisanu pa raundi, iye amamuona usana ndi usiku, ndipo akumudziwa kuyambira ali wabwinobwino. M'mawodi ambiri mulibe makina olira wodwala akayamba kufooka. Makina athu ndi maso a mayi. Koma amatiopa. Amagwada, amayamba ndi "pepani," ndipo ukamukalipira kamodzi sabweranso mpaka mwana atauma. Mayi akalimba mtima n'kudzuka usiku kubwera kwa iwe, dziwa kuti wayamba walimbana nazo yekha nthawi yaitali, wafunsa mnzake wa bedi loyandikana, wapemphera, kenako ndiye wabwera. Pofika kwa iwe nthawi yatha kale.

Kumva kumafunanso chilankhulo. Timaphunzira m'Chingerezi, koma anthu amadwala m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chisena. Munthu akati "mtima ukundipweteka," muuze akuloze ndi chala, nthawi zambiri aloza pamwamba pa mimba, pachifu. Akati "malungo," kumudzi ndi kuphwanya kulikonse kwa thupi, osati okhawo obwera ndi udzudzu. Akati "mapazi akuyaka moto," ganizira mitsempha: shuga, mowa, kapena mankhwala a TB amene akumwa. Agogo akati mwana ali ndi tsempho, usaseke. Kuseri kwa mawu amenewo kuli mwana wotupa kapena wonyentchera amene akusowa zakudya m'thupi, mwinanso ali ndi kachilombo, ndipo kulinso mlandu m'banjamo woti wina sanadzisunge. Ukaseka, mawa lake bedi ulipeza lopanda munthu, athawa naye usiku. Mphini zatsopano pachifuwa zikuuza pamene ululu uli, zikuuzanso kuti ayamba apita kwa asing'anga. Funsa mofatsa chimene anamwetsedwa, ngati mmene ungafunsire za Panado, chifukwa zitsamba zina zimavulaza impso ndi chiwindi ndipo sanganene ngati nkhope yako yayamba kale kuweruza. Mayi akakana kusayinira opaleshoni ya mwana akuti "tidikire amalume ake," si umbuli. Kwa ambiri a ife mwana ali ndi mwinimbumba, ndipo mayi akasayina yekha zinthu n'kulakwika, mlandu auyankha moyo wake wonse. Pempha nambala ya amalumewo uwaimbire wekha, uwafotokozere monga akulu. Mphindi zitatu za mayunitsi ako zapulumutsa ana ambiri kuposa kukalipa.

Tsopano za usiku ngati umene unakumana nawo. Dokotala uja analibe nthawi, koma iwe unali nayo. Wophunzira ndi munthu yekhayo mu wodi amene angathe kukhala pa bedi limodzi theka la ola popanda wina kufa chifukwa cha kukhalako. Kumugwira dzanja kuja inali ntchito, usaiyese chabe. Imfa yotsatira, poti ibwera, ukachoka kubafa upite kwa mayi. Zimene ndikuuzezi ndinaziphunzira kwa anamwino achikulire ndi kwa anzathu osamalira odwala matenda osachiritsika, monga a ku kiliniki ya Tiyanjane ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Khala pansi pamene iye wakhala, usamulankhule utaimirira. Tchula dzina la mwana. Usazungulire ndi mawu ngati "zinthu sizili bwino," chifukwa mayi amagwira kachiyembekezo kalikonse ndipo umupweteka kawiri. Nena kuti, "Mayi, mwana wathu watisiya." Ukatero khala chete, ngakhale chetecho chikuwotche. Misozi ikatsika si tchimo, bola asakhale iye wotonthoza iwe.

Mawu amodzi usadzawanene: "Mukanabwera msanga." Akudziwa kale. Anayamba wagula mapiritsi pa okala, anayenda wapansi kupita ku chipatala chaching'ono, anadikira ambulansi, anakongola ndalama ya kabaza. Mawu amenewo amamutsatira mayi mpaka ukalamba wake, ndipo sadzutsa mwana. Phunziro la kubwera msanga lili ndi nthawi yake, ku sikelo ndi pa tsiku lotulutsa mwana wochira, osati pa mtembo. Chinanso, ukaona kuti mwana akupita, usadikire kuti apite kaye. Uza mayi kuti, "Mwana wadwalika kwambiri. Tikuchita zonse, koma ndikuopa kuti tikhoza kumutaya." Ena amati kutero n'kulosera zoipa, ndipo ndi chifukwa chake ambiri timangoti "achira" tikudziwa kuti tikunama. Koma mayi wouzidwa amapeza mpata woitana bambo a mwana, abusa kapena ashehe, amamunyamula mwana pamiyendo m'malo mopita kukachapa matewera nthawi yomaliza. Sindinaonepo mayi wondida chifukwa ndinamuuza zoona mwaulemu.

Ndikukumbutsenso kuti zida zimene ukugwiritsa ntchito lero zinachokera kwa anthu amene anakana kuzolowera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, akuona ana akufa ndi malungo ku Blantyre, anakonza njira yoyezera kukomoka kwa mwana wosatha kulankhula: kodi maso akutsatira nkhope ya mayi ake, akulira bwanji, akutani ukamutsina. Ndiyo Blantyre Coma Score imene ukuiloweza, ya 0 mpaka 5, ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Funso loti kwenikweni chimapha anawa n'chiyani analitsata zaka zoposa makumi awiri, mpaka mu 2015 gulu la Taylor, pogwiritsa ntchito makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, ku Gulupu, linasonyeza kuti ubongo umatupa mpaka kupanikiza malo oyendetsa kupuma. Kwinini uja analowedwa m'malo ndi jakisoni wa artesunate, kafukufuku wa mu 2010 pa ana a mu Africa atasonyeza kuti amapulumutsa ambiri, ndiponso sagwetsa shuga ngati kwinini. Mu 2011 Malawi inayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo, maiko ena n'kudzatsatira pambuyo. Mu 2019 tinakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana. Ena mwa odwala amene ndinkayembekeza kuwalembera kalata ya imfa mu 2004 lero amabwera kudzatenga mankhwala a miyezi ingapo atabereka adzukulu kumbuyo. Ana akufabe, monga waonera wekha, koma wodi imene ukuyendamo si imene ine ndinayendamo.

Kodi usiye? Sabata ino usagamule chilichonse. Munthu wosagona saweruza mlandu. Maliza kaye miyezi yako ku wodi ya ana, uone ana angapo amene anabwera atakomoka akutuluka akudya mandasi, kenako udzifunsenso. Pakadali pano usazisunge wekha. Peza mnzako mmodzi m'kalasi, kapena sisita wachikulire mu wodi, woti uzimuuza. Ukaona kuti masabata akupita tulo osabwera, nkhope ya mwana uja ikukubwerera masana, chakudya sichikulowa, wayamba kufuna mowa kapena mapiritsi kuti ugone, kapena maganizo oti bola kufa ayamba kukufikira, pita kwa mlangizi kapena dokotala wa za maganizo tsiku lomwelo. Madokotala timadwala ngati wina aliyense, kungoti timabisa kuposa wina aliyense. Ndaona anzanga anzeru kundiposa akutha ndi mowa, ndipo onse anayamba ndi kunena kuti azolowera.

Ukadzapeza patsogolo kuti wodi si malo ako, palibe manyazi. Dziko lino likusowa madokotala oyeza matenda mu labu, owerenga zithunzi za X-ray, a zaumoyo wa anthu m'madera, a kafukufuku. Ena mwa anzanga amene anasiya mawodi athandiza anthu ambiri kuposa amene ine ndawagwira ndi manja. Koma chifukwa chosiyira chisakhale chakuti unalira. Pa ophunzira amene ndawaphunzitsa, wolira kubafa sanandidetsepo nkhawa. Amene amandidetsa nkhawa ndi uja amene pa imfa yake yoyamba amafunsa ngati angayeserere kuika chubu pa mtembo mayi asanatuluke n'komwe.

Ukapitanso ku wodi, pempha asisita akuthandize kupeza fayilo ya mwana uja isanapite kosungira. Uiwerenge kuyambira tsamba loyamba: anafika nthawi yanji, Blantyre Coma Score inali ingati pofika, shuga anayezedwa kangati, magazi anali ochuluka bwanji, jakisoni woyamba analowa nthawi yanji, mayi ake ananena chiyani ndipo analemba ndani. Mwina upeza kuti zonse zinachitidwa bwino ndipo matenda anangokula mphamvu. Mwina upeza mpata wa maola awiri ngati wanga uja. Kenako upite nayo kwa dokotala uja pa nthawi imene wapuma, umufunse mwaulemu kuti, "Adokotala, ndithandizeni kumvetsa, mwana uja chinachitika n'chiyani?" Umvetsere ngati amutchule dzina kapena nambala ya bedi.

Ine la kamnyamata kanga ndikulikumbuka, ndi mudzi wake, ndi chitenje chimene agogo ake anamukulungamo pomubereka kumbuyo ulendo wa kumudzi, poti ndalama ya galimoto analibe. Chinali chobiriwira, cha maluwa achikasu.